Zitseko Zobiriwira Zimene Zasamutsa a Naphiri

Lachinayi lapitali m'mawa, akazi anga a Naphiri anapinda mphasa yawo, anatenga bulangete ndi kabotolo ka mankhwala opaka pachifuwa, n'kudutsa pabwalo kupita kukakhala kwa amayi awo. Sitinakangane. Sanatukwane munthu, sanamenyetse chitseko. Anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Abambo a Lute, nyumba yanuyi ndi yokongola, koma ine ndikubanikamo." Basi, n'kumapita.

Nyumba imene ankanenayo ndi ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, ndipo ndaimanga zaka zitatu zathunthu kuno kwathu ku Chia. Kumene athawirako ndi kanyumba komata kozungulira, kopanda ndi zenera limodzi lomwe. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Sekani, koma mumve kaye mmene mphunzitsi wamkulumkulu, wa satifiketi yake, amasamutsira mkazi ndi matabwa asanu ndi limodzi.

A Naphiri ali ndi mphumu. Miyezi yotentha sadandaula, ndipo mpunga amalima kuposa amuna ena amene ndimawadziwa. Koma mwera ukangoyamba, makamaka nyengo ino anthu akupuntha ndi kupeta mpunga, chifuwa chimawatsekeka mpaka mumachita kumva mpweya ukulira pakhosi pawo inu muli panja. Chipinda chathu chogona chili kumwera. Pamene tinkalowa m'nyumbayi chaka chatha, mazenera anali mabowo chabe, ndipo tinawatseka ndi njerwa zongosanja. Munali mdima, koma mphepo sinkalowa. Ndinawalonjeza kuti mwera wa chaka chino usanafike, adzakhala ndi zitseko zamatabwa pa mazenera onse anayi, zoti azitsegula akafuna kuwala n'kutseka akafuna mtendere.

Matabwa ndinali nawo, a mlombwa weniweni. Anandichekera anthu a macheka cha ku Bua, nditapalasa njinga kawiri kupita ku boma kukapempha chikalata kwa a zankhalango. Anakhala zaka ziwiri akuuma pa mitanda ya denga. Aliyense wodziwa mtengo akuuzani kuti mlombwa wouma chotero sumangoutola panjira. Ukaudula molakwa walakwa, palibe pokatenga wina chaka chomwecho.

Ndinaitana a Fundi Selemani, mmisiri wachikulire wa ku Nkhotakota kutauni yakale, amene atate awo ankakhoma zombo za matanga. Anabwera ndi zida zawo m'chikwama cha mlaza, kofiya ili kumutu. Asanagwire thabwa lililonse anazungulira nyumba kawiri, akuima pa zenera lililonse n'kumayang'ana kumene layang'ana. Kenaka anakhala pansi n'kundiyalira nkhani, akunditchula kuti Mwalimu, mmene kwawo amaitanira mphunzitsi.

"Mwalimu, zitseko za pazenera zilipo za mitundu. Chilipo cha thabwa lathunthu, mitanda iwiri kumbuyo, chotsegukira kunja. Chimenecho mphepo ikamakankha ndiye kuti ikukutsekerani. Chilipo chija cha kwathu kutauni, chopachika pamwamba, mumachikweza n'kuchirikiza ndi kamtengo, chimasanduka kakhonde, dzuwa sililowa, mvula silowa. Chilipo cha mafelemu ngati za pa sitolo za Amwenye, chimaoneka bwino koma chimadya matabwa. Inu mtima wanu uli pati?"

"Pa zonsezo palibe," ndinatero ine. "Ndikufuna za ku boma."

Mukuzidziwa inu nonse amene munaimapo pa mzere ku boma. Zija zobiriwira za pa nyumba za azungu, za timatabwa ting'onoting'ono topendekeka, kena pamwamba pa kanzake. A Fundi amazitcha za nthiti. Ine zaka zonsezi ndikapita kukapereka mapepala a sukulu, ndimadikira pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa zitseko zimenezo. Ndinafika mpaka pozijambula kuchikuto kwa kope langa. Mumtimamu ndinkati tsiku limene ndidzakhale nazo, aliyense wodutsa pamsewu wa ku Benga adzadziwa kuti pano pakhala munthu wophunzira.

A Fundi anayang'ana chojambula changacho nthawi yaitali. "Za nthiti n'zabwino, Mwalimu, koma kuseri kwake..."

"Ndaziona ndi maso angawa, a Fundi."

Anasisita thabwa ndi chikhatho. Kenaka anafunsa, "Nanga mayi anenapo chiyani?"

"Mayi ali ku mpunga. Za nyumba zisiyireni ine."

Tamvani mmene ndinalankhulira. Ine mkamwini. Malo amene nyumbayi yaimapo ndi a kwawo kwa a Naphiri, ndipo dothi la njerwa zomwezi tinakumba pachulu cha amayi awo. Wotsegula ndi kutseka mazenera tsiku ndi tsiku ndi iwo, wosesa fumbi ndi iwo, wodwala chifuwa ndi iwo. Koma ndinayankha ngati kuti akundifunsa maganizo a nkhuku. Ndipo sikuti iwo sananenepo kanthu. M'mawa womwewo, akunyamula dengu kupita kudambo, anandiuza mawu awiri okha: "Bola chizitseka." Ndinawamva, n'kuwaiwala ndisanamalize tiyi.

A Fundi anayesanso kachiwiri. Anati mwina zenera la kumwera lokha tiikepo lathunthu, enawo akhale a nthiti. Ine ndinati nyumba idzaoneka ngati munthu wovala nsapato zosiyana. Iwo anangoti, "Mwanena ndinu, Mwalimu," n'kutenga sowo.

Ntchito inatenga masiku asanu ndi atatu, ndipo masiku onsewo pakhomo panga sipanasowe akatswiri. Amuna a m'mudzi ankabwera kudzakhala pamthunzi n'kumapereka nzeru zaulere. Wina amene anakhalako ku Halale anatitsimikizira kuti kumeneko nyumba iliyonse yolongosoka ili ndi zomwezi. Wina anakangana nane theka la tsiku kuti penti wake akhale wa buluu. Za mphepo sanafunsepo ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho onsewo anabadwira pano, ndipo mwera unawagwetserapo mabwato. Amayi odutsa ndi mitolo ya mpunga ankangoyang'ana chammbali. Ine ndinkati akusirira.

Matabwa anga aakulu aja anasanduka mulu wa timatabwa topyapyala ngati malula a ana asukulu. Lachiwiri ndinachotsa njerwa za pamazenera ndi manja anga, a Fundi anakhoma mahinjesi, zitseko zinapachikidwa zitapakidwa kale penti wobiriwira. Kunena zoona zinakongola. Ndinapita mpaka kumsewu kukaziyang'ana ngati mlendo, n'kubwerera, n'kupitanso.

Lachitatu masana mwera unadzuka. Ndikuweruka kusukulu ndinapeza anzathu a kumwera kwa nyumba yathu ali pakalikiliki kupeta mpunga, mungu uli tolotolo m'mwamba. Ndinalowa mwachangu, ndikunena mumtima kuti lero a Naphiri aona ubwino wa mwamuna woganiza. Ndinatseka zitseko zonse zinayi, n'kukoweka tizitsulo take. Mphepo inapitiriza kulowa ngati sindinachite kanthu. Kalendala inkagwedera pakhoma. Mankhusu ankagwera pabedi ine ndikuona.

A Naphiri ndinawapeza pakona ya chipinda, atakhala pansi, atawerama, manja ali pa mawondo, akukoka mpweya ndi mapewa. Ndinakhoma bulangete pazenera, mphepo inalifufumitsa ngati thanga la ngalawa n'kumalowa m'mbali. Ndinathamangira njerwa zija, koma ndinali nditazipereka kale kwa mnansi woti amangire khola la nkhunda. Ndinachita mantha kwambiri, sindibisa. Mantha atatsika kunabwera manyazi, chifukwa iwo sananene kuti ndinakuuzani. Analibe mpweya wonenera zimenezo.

Lachinayi anasamuka, monga ndanena. Lachisanu ndinadikira kuti a Fundi atuluke ku mzikiti, chifukwa anali akadali m'mudzi mwathu kwa mphwawo. Ndinapita nditakwiya, mawu nditawakonzeratu panjira. Ndinawauza kuti zitseko zawo sizitseka, kuti mwina anapendeketsa nthitizo molakwa, kuti za ku boma sizitero.

Anandilozera mpando. "Mwalimu, za ku boma zija anazipachika ndani?"

"Ine ndingadziwe bwanji?"

"Ndine. Zina ndinakonza chaka chathachi, zitadyedwa ndi chiswe. Mzungu sadalira nthiti kutchinga mphepo. Kuseri kwa nthiti kuli waya wa udzudzu, uja wonga sefa. Kuseri kwa wayayo kuli zenera lina la galasi, lotsekera mkati. Nthiti ntchito yake n'kutchinga dzuwa basi, kuti bwana agone masana m'chipinda muli kamdima, kamphepo kakulowa. Mwera ukabwera amatseka galasi. Inu galasi muli nalo?"

Ndinalibe galasi. Koma mphunzitsi sagonja msanga. "Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba, Mwalimu. Kawiri. Inu munati mwaziona ndi maso anu. Ine sindinapite kusukulu, ndingatsutse bwanji maso a mwalimu?"

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuposa safunsa, chifukwa yankho linabwera lokha pakhomo panga, litavala kofiya, ine n'kulitseka pakamwa.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi yaleka kukhala yanga ndekha. Tadzifunsani, inu anzanga a makope ndi zolembera, nyumba ya mzungu munailowapo kangati? Sindikunena kuima kukhomo la kuseri, chipewa chili m'manja. Ndikunena kulowa, n'kuona mmene zenera limatsekedwera kuchokera mkati. Ine sindinalowepo. Ku ofesi timalankhula nawo pazenera. Ku sitolo zina timagula pazenera. Moyo wawo wonse timauonera kunja, tili pamzere, ndiye timabwera kwathu n'kudzamanga zimene tinaona, osadziwa kuti tinaona theka.

Ku Benga kuli nyumba ya kalaliki wina ya chumuni chachitali chokongola. Ndinalowamo tsiku lina pa maliro, ndinafunafuna pamene amasonkha moto, osapaona. Chumunicho chinangokhazikidwa padenga. Ndipo ndi angati a ife amene takhoma malata popanda kanthu kunsi kwake, kuno kunyanja, mwezi wa Okutobala n'kumakagona pansi pa mtengo chifukwa m'nyumba simukhalika? Tikatero timati chitukuko n'chopweteka. Amene tinawaonera malatawo m'nyumba zawo muli siling'i, koma ifeyo siling'iyo sitinaione chifukwa pamsewu sioneka.

Musandimve molakwa. Sindikuti tibwerere ku mabowo otseka ndi zisanza. Galasi ndikulifuna, waya wa udzudzu ndikumufuna, ndipo khomo la kumaso la nyumba ya mzungu ndikufuna tsiku lina ndidzalowerepo ngati munthu. Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti anthu odziwa za mkatimo tili nawo pakati pathu. Akhukhi, ochapa zovala, okolopa, amisiri ngati a Fundi. Iwowo ndiwo anagwira zinthuzo ndi manja, amadziwa chimene chili kuseri kwa chiyani. Koma timawaona ngati mbuli chifukwa sadziwa kulemba kalata. Ife amene tinangoona penti ndife olamula, iwo amene anaona mahinjesi azingoti inde bwana.

Nawonso a Fundi sindiwasiya osawadzudzula, ngakhale ndi akulu kwa ine. Ulemu wathu uwu wongoyang'ana munthu akupita kudzenje, n'kumati mwanena ndinu, tiuonenso bwino. Akanandikalipira pamaso pa anthu onse aja ndikanakwiya sabata imodzi, mlombwa wanga ukanakhala uli wathunthu. Ndinawauza zimenezi. Anaseka pang'ono n'kuti, "Amene ndinamukalipira chaka chatha anakaitana mmisiri wina, zitseko zake n'zomwezi." 

Madzi akatayika saoleka, ndipo thabwa ukalicheka timalula silibwereranso. Ndinafunsa za galasi. Anati n'lofunika kuitanitsa kutali kudzera kwa Amwenye, lidzafika mwera utatha, mwinanso litasweka panjira, ndipo lidzafuna mafelemu ake amene matabwa ake ndilibe. Ndinafunsa za mlombwa wina. Anati ngakhale chikalata nditachipeza mawa, wauwisi ukhota ukamauma, ndidikire chaka.

"Koma kwa mphwangayu kuli matabwa a ngalawa yakale," anatero. "Ndi akuda, ali ndi mabowo a misomali, amanunkha nsomba pang'ono. Mphepo sidutsa, anazolowera kulimbana ndi madzi. Ndingathe kuwakhoma mkati, kuseri kwa nthiti, kuti wa pamsewu asadziwe kanthu. Kapena ndichotse nthitizo, ndipachike lathunthu poyera. Musankhe."

Ndikuvomera kuti mtima unathamangira koyambako. Munthu sachira tsiku limodzi. Koma pakamwa panatuluka mawu amene ndikanayenera kunena masabata awiri apitawo. Ndinati tiyeni tikafunse mayi.

Tinawapeza atakhala pakhonde la amayi awo, mbali yobisika ku mphepo, akusankha mpunga m'lichero. Nkhope inali itatsika, koma ankapuma bwinoko. A Fundi anapereka moni, anafotokoza zonse ziwiri monga anandifotokozera ine. A Naphiri anamvetsera osakweza maso.

"Mukakhoma kuseri kwa nthiti, fumbi lizikhala pakati pamenepo," anatero. "Azisesa ndani? Nanga nkhungu zouluka za kunyanja zikadzabwera nthawi ya mvula, zizidzafera mmenemo, ine ndizidzazichotsa ndi chiyani? Chotsani za kumwera ndi za kunyanja, a Fundi. Muike lathunthu, lotsegukira kunja, kachitsulo kake kakhale pamunsi poti ndizifikira ndisanakwere pampando."

"Nanga ziwiri za kumsewu, mayi?"

Apa ndi pamene anandiyang'ana. "Zimenezo zisiyeni. Ndi za aphunzitsi."

Ndinafunsa kuti abwerera liti kunyumba. Anati tsiku limene adzatseke zenera ndi dzanja lawo, n'kuika ufa pa mbale pafupi nalo, ufawo osauluka. Sanalankhule mokalipa. Ndikanakonda akanakalipa.

Lero Loweruka, ndikulemba izi, a Fundi ali kuseri akupala matabwa a ngalawa aja, fungo la nsomba lili ponseponse. Ati ntchito itenga masiku anayi. M'mawa uno munthu wina wa ku Benga, wogula mpunga, anaimitsa njinga pamsewu n'kubwera kudzayamikira zitseko. Anati akumaliza nyumba yake, akufuna zomwezi, ndimuuze dzina la mmisiri. Ndinati ayi, lowani kaye. Ndinamukhazika m'chipinda cha kumwera, pa zenera limene a Fundi sanafikepo, n'kutseka nthiti zonse. Ndinamufotokozera za galasi, za waya, za a Naphiri, zonse zimene ndakuuzani inuzi. Anakhala mmenemo mphepo ikumuomba, akuphethira, mankhusu akumugwera m'tsitsi. Anandiuza kuti naye kwake kuli mwana wakhanda wa miyezi iwiri.

Tikutuluka anaimanso pamsewu, anayang'ana nyumba nthawi yaitali, akukutumula malaya.

"Zoona, Mwalimu, mphepo ikulowa," anatero. "Komabe zikuoneka bwino. Penti ameneyu munagula pati?"

Ndinamuuza kumene ndinagula, chifukwa ndinatopa. Wapita. Ine ndabwerera pa tebulo langa, mapepala ndawapsinja ndi mwala kuti asauluke, m'nyumba ya zipinda zitatu muli ine ndekha. Mphepo ikadukiza ndikumva a Naphiri akutsokomola kutsidya kwa bwalo, m'kanyumba kopanda zenera kaja. Inu amene mwaumba njerwa chaka chino, tandiuzani: nyumbayo mukumangira wogonamo, kapena wodutsa pa njinga?